Gnome wanga akutuluka ngati mwana wa ku nazale, ndimukonze bwanji?

Funso lafika kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Chilomoni, wosewera masewera okamba nthano mosinthana pa tebulo ndi madayisi, momwe aliyense amasankha munthu wongopeka woti akhale iye (gnome ndi mtundu wa anthu aafupi a m'nthanomo): "Zikomo akulu. Ndimasewera Dungeons & Dragons ndi anzanga Loweruka masana kwa mnzathu ku Namiwawa. Tikuyamba nkhani yatsopano, ndipo ine ndasankha kukhala gnome wamkazi wokonza mawotchi ndi maloko. Chandivuta ndi chithunzi chake. Ndikamujambula akumatuluka ngati mwana wa ku nazale. Mnzanga wina akuti gnome weniweni ndi kankhalamba ka ndevu zoyera ndi chipewa chofiira chosongoka, ndiye wangayu ndi wabodza poti ndamupatsa khungu lakuda ndi tsitsi loluka. Ngati izo sizikukwana, mayi anga ataona pepalalo patebulo anati ndikujambula ndondocha. Kodi gnome amaoneka bwanji kwenikweni? Kapena ndingomusiya n'kusankha mtundu wina?"

Achemwali, musamusiye. Nkhope ya mwana ija imatulukira pafupifupi aliyense amene akujambula gnome koyamba, ndipo pa matebulo amene ndayendetsapo masewerawa mapepala otero ndawaona ambirimbiri. Ili ndi mankhwala ake, osavuta n'komwe. Za khungu, buku la masewera lili mbali yanu. Za mayi tikambirana chakumapetoko, chifukwa zimenezo zimafuna mtima wodekha kuposa pensulo.

Tiyambe ndi thupi. Player's Handbook, buku la malamulo a osewera, ya chaka cha 2014 imati gnome amatalika mafiti 3 mpaka 4, kunena kuti masentimita 91 mpaka 122, ndipo ambiri amangopitirira mafiti 3 pang'ono. Kulemera kwake ndi mapaundi 40 mpaka 45, omwe ndi makilogalamu 18 mpaka 20. Mukatunga madzi m'chigubu cha malita 20 n'kuchinyamula, mwanyamula gnome wathunthu. Kuti muuone msinkhuwo ndi maso, bwerekani tepi ya telala, muyeze mita imodzi pa felemu ya chitseko, mulembepo ndi choko. Kenako mukhale pansi maso anu afike chamomwemo, muyang'ane m'nyumbamo. Pamwamba pa tebulo simukupaona bwino, loko wa chitseko ali pamphumi panu, ndipo munthu akaima pafupi mukumuona lamba ndi kunsi kwa chibwano. Munthu wanu amakhala m'dziko limenelo tsiku ndi tsiku, ndiye khosi lake linazolowera kuyang'ana m'mwamba, ndipo mwina amayenda ndi kampando kopinda kumsana.

Kulemerako ndi kumene kumamusiyanitsa ndi dwarf, mtundu wina wa anthu aafupi m'masewerawa, ngakhale anthu amakonda kuwasokoneza. Dwarf amatalika mafiti 4 mpaka 5 ndipo amalemera cha m'ma 68 kilogalamu, chifuwa chotambalala, mikono yonenepa. Gnome ndi wowonda, wopepuka, wa mafupa ang'ono. Halfling, mtundu winanso wa anthu aafupi, ndiye amene amafanana naye msinkhu ndi kulemera, koma ojambula amamupatsa nkhope yobulungira ya munthu wodya bwino, pamene ya gnome imakhala ndi makona, mphuno yoonekera patali ndi maso othwanima.

Tsono chimene chikukuvutanicho chikuchokera pa manambala omwewa. Mita imodzi ndi makilogalamu 18 ndi thupi la mwana wa zaka 3 mpaka 5. Dzanja lanu likamva kuti "wamfupi, wopepuka, mutu waukulu", limathamangira chimene limadziwa kale, ndiye kutuluka mwana wa ku nazale uja. Ojambula amayeza thupi ndi mitu: munthu wamkulu amakhala wotalika mitu 7 kapena 7 ndi theka, mwana wamng'ono mitu 4 kapena 5. Gnome mudzamuikabe cha pa mitu 5, palibe kuchitira mwina, apo ayi angokhala munthu wamba wochepetsedwa. Choncho ukulu wake uyenera kuonekera kwina.

Malo oyamba ndi pamene mwaika maso. Pa nkhope ya mwana maso amakhala kunsi kwa pakati pa mutu, mphumi n'kukhala yaikulu, mphuno, pakamwa ndi chibwano n'kupanikizana pansi. Pa munthu wamkulu maso amakhala pakati penipeni pa mutu. Tengani chithunzi chanucho, mulembe mzere wopingasa pakati pa liwombo ndi chibwano, muone. Ndikhulupirira mupeza kuti maso ali pansi pa mzerewo. Akwezeni, mutalikitse chibwano, muonetse nsagwada pamene ikukhota kunsi kwa khutu, muphwetse masaya pang'ono kuti mafupa ake aoneke. Maso mukhoza kuwasiya aakulu ndithu, koma muwapatse zikope zolemera ndi timizere ta m'mbali ta munthu woseka kawirikawiri. Nsidze zikhale zokhuthala. Khosi nalo lioneke, chifukwa mwana amakhala ngati alibe khosi, mutu umangokhala pamapewa.

Malo achiwiri, amene ine ndimawakonda kwambiri, ndi manja. Dzanja la mwana ndi lofufuma, zala zazifupi, timaenje pa mfundo. Dzanja la mmisiri ndi louma, mfundo zotuluka, mitsempha yoonekera, zikhadabo zazifupi zokhala ndi girisi m'mbali. Tsiku lina mukadzapita ku Limbe, dzaimeni pafupi ndi wokonza mawotchi kapena mafoni, mupemphe kuonerera. Mudzaona mmene amagwirira kasikuluwu ndi nsonga za zala ziwiri zokha, kachala kakang'ono katatsamira pa tebulo kuti dzanja lisanjenjemere, diso limodzi atatsinzina, mlomo atauluma. Ku Ndirande kwa osula zidebe ndi mbaula mudzaona zipsera za malata pa zala ndi khungu lolimba la m'manja. Mupatseni gnome wanu manja amenewo, okulirapo pang'ono poyerekeza ndi thupi lake, ndipo palibe adzamutchenso mwana. Kaimidwe nakonso: mwana amatulutsa mimba n'kutangadza miyendo, wamkulu amatsamira mwendo umodzi, dzanja m'chiuno. Poti wanuyu ndi wamkazi, muonetse mapewa ndi chiuno cha mayi wamkulu, koma musapitirire nazo. Kathupi kakang'ono kokokomeza chifuwa ndi chiuno kamatuluka konyansa, ndipo pa tebulo kamabweretsa nthabwala zimene simungazifune.

Musanajambulenso, gamulani zaka zake. Buku la 2014 limati ma gnome amakula mofanana ndi anthu, amakhazikika ngati akuluakulu akamafika zaka 40, ndipo amakhala zaka 350 mpaka pafupifupi 500. Player's Handbook ya 2024 imati cha m'ma 425. Ndiye gnome wa zaka 45 ndi mtsikana wongoyamba kumene ntchito, wa zaka 150 ndi mayi wa mphamvu zake, wa zaka 380 ndi agogo. Kwa munthu amene nkhope ya mwana ikumuvuta, ndimalangiza kuyamba ndi wa zaka 150 kapena 200. Makwinya awiri atatu amakuchitirani theka la ntchito.

Mphuno ili ndi nkhani yake. Buku la 2014 limanenetsa kuti ndi yaikulu, pamene la 2024 limatsindika maso aakulu ndi makutu osongoka. Mphuno yaikulu ndi yothandiza kwa inu chifukwa ya mwana imakhala kakang'ono kokwezeka. Koma muisankhe bwino. Yotambalala, yobulungira kunsonga, kapena yaitali yowongoka, zonse zili bwino. Imene ndimapewa ndi yokhota ngati mbedza pa kamunthu kokumbatira golide ndi miyala yamtengo wapatali, chifukwa ku Europe chithunzi chotero chinagwiritsidwa ntchito zaka zambiri ponyoza Ayuda. Kuno ambiri sitingachizindikire, koma mukadzachiika pa intaneti ena adzachizindikira msanga.

Tsopano mnzanu uja. Muuzeni atsegule buku. La 2014 limati nkhope za ma gnome ndi zoderapo kapena zabulauni. Si zatsopano ayi: mabuku a m'mbuyomo, kuphatikizapo a chaka cha 2000, ankanena za khungu la mtundu wa mtengo, kuyambira loderapo mpaka labulauni weniweni. Gnome wa masaya ofiira ngati phwetekere sachokera m'malamulo a masewerawa. Pamene mnzanuyo ali ndi kamfundo ndi pa tsitsi. Mabuku omwewo amati tsitsi ndi loyererapo, ndipo la 2014 limawonjeza kuti limaima mbali zonse. Akale ankanenanso za maso abuluu. Komabe mtundu wa tsitsi sukhudza dayisi ngakhale limodzi, ndiye ndi wanu kusankha. Mukafuna kukhala pafupi ndi buku osataya maganizo anu, ganizirani tsitsi lomanga ndi ulusi lija ankatimanga amayi athu akale, timichira toima mbali zonse. M'malo mwa ulusi wakuda, wokonza mawotchi wanu azimanga ndi waya wa kopa, tsitsilo likhale la imvi kapena lotuwirako, kunsonga kwa mchira umodzi akolekepo kakiyi. Latsatira buku, ndi lakwathu, ndipo aliyense pa tebulo adzamukumbukira. Mukakonda loluka lakuda bii, lisiyeni momwemo.

Chipewa chofiira chili ndi kwawo, kungoti si kuno. Dzina la gnome linatchuka ndi Paracelsus, sing'anga wa ku Switzerland wa m'zaka za m'ma 1500, amene analemba za tizolengedwa tokhala m'nthaka. Patapita zaka mazana, m'ma 1800, amisiri a ku Germany anayamba kuumba tizidole tadothi toika m'minda ya maluwa, tandevu, ta zipewa zosongoka, ndipo tauni ya Gräfenroda inatchuka nato. Mu 1847 Sir Charles Isham anatengera tina 21 ku munda wake ku Lamport Hall ku England. Kankhalamba ka mnzanu ndi ka m'munda wa maluwa kameneko. Akafuna kusewera gnome wotero, asewere, n'zosangalatsa ndithu, koma asaletse anzake.

Ndipo ngakhale eni masewera sanagwirizanepo pa nkhope imodzi. Dungeons & Dragons itatuluka mu 1974, yolembedwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, gnome anali chabe msuweni wa dwarf, wocheperako, wa ndevu zazitali, wokhala m'zitunda. Anakhala mtundu woti wosewera asankhe mu Player's Handbook ya 1978. M'nkhani za Dragonlance, limodzi mwa maiko a masewerawa, anasanduka amisiri opupuluma a ku Mount Nevermind, opanga makina ophulika okha, ndipo magalasi a pamphumi ndi maepuloni amene mumaona pa zithunzi zambiri lero ali ndi mizu kumeneko. Mu 2008 anamusiya kunja kwa buku loyamba la osewera, n'kumubweza mu 2009 ali wowonda, wopanda ndevu zazitali zija, wochokera ku Feywild, dziko la zolengedwa zamatsenga. Masewera a Pathfinder, a kampani ya Paizo, amene anatuluka mu 2009, anapita patali kuposa onse. Ma gnome awo amachokera ku First World, dziko lawo la zolengedwa zamatsenga, tsitsi lawo likhoza kukhala lobiriwira, lapinki kapena labuluu, nsidze zazitali, pakamwa patali. Amakhalanso ndi nthenda yotchedwa Bleaching: gnome akasiya kuona ndi kuchita zatsopano, mitundu ya thupi lake imayamba kusuluka mpaka kuyereratu, ndipo ambiri amafa nayo. Kwa ine, pa zonse zimene zalembedwapo za maonekedwe a ma gnome, iyi ndiye nzeru yoposa, chifukwa tsitsi lokha limakuuza mmene moyo wa munthuyo ukuyendera. Mukaikonda, pemphani woyendetsa masewera wanu ngati mungaibwereke.

M'masewera anuwo ma gnome ali ndi nthambi zingapo. Wanuyu, poti ndi wa mawotchi ndi maloko, ndi rock gnome, mmisiri wa tizipangizo. Forest gnome ndi wa m'nkhalango, wobisala, wolankhula ndi tinyama. Deep gnome, amene amatchedwanso svirfneblin, ndi wa m'mapanga akuya a Underdark, khungu lotuwa ngati mwala, thupi lolimba lolemera kuposa anzake, amuna ake a dazi opanda ndevu. Ameneyo si wanu, ndangomutchula kuti mukakumana ndi zithunzi zake musasokonezeke.

Zovala, buku limati ndi za mitundu ya dothi koma zopetedwa mwaluso kapena zokongoletsedwa ndi timiyala tonyezimira. Apa muli ndi mwayi waukulu. Mitundu ya katondo, makande ndi khofi, epuloni yachikopa ya matumba ambiri, m'mphepete mwa malaya mopetedwa ndi ulusi wowala, kansalu kachitenje komanga m'chiuno kopukutira manja. Chimene muyenera kusamala ndi kukula kwa zinthu zimene wanyamula. Mabatani, singano, makiyi ndi ndalama zachitsulo zopangidwira anthu aatali zizioneka zazikulu m'manja mwake. Zida zimene anasula yekha zizimukwana bwinobwino. Kusiyana kumeneko kumauza woona kuti uyu ndi wamfupi ngakhale palibe munthu wina pa chithunzipo, komanso kuti ndi mwini ntchito. Zovala zomukulira ndizo zoyenera kupewa, chifukwa malaya ofika m'mawondo ndi mikono yolendewera zimabweza mwana uja wavala za bambo ake.

Pali mbali zochepa zimene maonekedwe amakumana ndi malamulo, ndipo pamenepo musagamule nokha. Gnome ali m'gulu la Small, la zolengedwa za thupi laling'ono. M'malamulo a 2014 amayenda mafiti 25 ikafika nthawi yake yosewera, ndipo zida zolembedwa kuti Heavy (zolemera), monga chilupanga cha manja awiri, zimamuvuta: amaponya madayisi awiri n'kutenga lotsika. M'malamulo a 2024 amayenda mafiti 30, ndipo za zida zolemerazo zimadalira mphamvu kapena changu cha munthuyo, osati msinkhu. Amaona mumdima mpaka mafiti 60. Choncho musanamujambule atasenza chinkhwangwa chomuposa, funsani DM wanu (Dungeon Master, woyendetsa masewera) kuti mukutsatira buku la chaka chiti, ndiponso ngati ma gnome a m'dziko lake ali ndi maonekedwe amene iye anakhazikitsa kale. Mkangano wa inu ndi mnzanu uja nawonso woweruza wake ndi yemweyo. Muuthetse tsiku lokonzekera, nkhani isanayambe, osati pakati pa nkhondo. Ngati buku mulibe, poti kuno kulipeza n'kovuta ndipo mtengo wake ndi wowawa, malamulo oyambira otchedwa SRD ali pa intaneti mwaulere ndipo gnome alimo. A Pathfinder ali pa webusaiti ya Archives of Nethys.

Chinthu china chimene chimabwera pa matebulo a kuno, mwina chafika kale kwa inu. Wina amati, "Bwanji tingowapanga Akafula?" Ndikumvetsa chifukwa chake. Tonse tinakula tikumva za anthu aafupi aja amene ukakumana nawo ankafunsa kuti wawaonera pati, iwe n'kuyankha kuti patali, ndi za mizimu yawo pa phiri la Mulanje. Koma Akafula, kapena kuti Abathwa, sanali zolengedwa za m'nthano. Anali anthu enieni amene anakhala m'dziko muno makolo athu asanafike, ndipo zina mwa zojambula za pa miyala ya ku Chongoni ku Dedza, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 2006, ndi za iwowo. Sindikuti musawatchule m'masewera. Ndikuti mukawatchula akhale anthu, a mabanja ndi mbiri yawo, osati tianthu toseketsa ta mphuno zazikulu. N'chimodzimodzi ndi abale athu ofupika msinkhu amene timakwera nawo minibasi tsiku lililonse. Thupi lawo lisakhale chitsanzo chojambulira gnome, ndipo nthabwala za ufupi zikachuluka pa tebulo, DM azidule. Zimatopetsa msanga, ndipo simudziwa amene zikumulasa.

Za mayi. Musawaseke, ndipo musabise pepalalo pansi pa matiresi, chifukwa chobisidwa ndicho chimakula. Kwa iwo kamunthu kakafupi ka nkhope yachikulire kali ndi tanthauzo limodzi, la ndondocha zimene anthu amakhulupirira kuti zimasungidwa m'nyumba pofuna chuma. Si iwo okha oopa masewerawa. Ku America m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo yambiri inkati Dungeons & Dragons ndi za usatana, ndipo nkhaniyo inafika mpaka pa wailesi za kanema. Chimene ndaona chikugwira ntchito ndi kuwaonetsa zonse poyera: pepala la manambala, madayisi, pensulo, n'kuwafotokozera kuti ndi nthano imene anthu amakamba mosinthana, ndipo uyu ndi mayi wokonza maloko wa m'nthanomo. Mumupatse dzina ndi ntchito pamaso pawo. Mwinanso muwafunse mmene ankamangira tsitsi ndi ulusi ali atsikana, akuthandizeni kulijambula molondola. Ngati angalole, anzanuwo adzasewerere kwanu Loweruka lina, mayi adzamve okha kuti phokoso lonselo ndi la achinyamata okangana za loko wa chitseko chongopeka. Akakanabe, musalimbane nawo pa khomo pawo. Zojambulazo zisungireni kwa mnzanu ku Namiwawa. Koma mawu a ufiti akayamba kutuluka kunja kwa nyumba, kufika kwa oyandikana nawo kapena ku mpingo, musayese kuwathetsa nokha. Pezani wamkulu amene mayi amamumvera, malume, azakhali kapena mkulu wa mpingo womvetsa zinthu, mumuonetse masewerawo, alankhule nawo ndiye. Mawu otero kuno sachedwa kupweteketsa munthu.

Mukayesa zonsezi koma dzanja n'kumakanabe, si mlandu kupereka ntchitoyo kwa wojambula. Mu Blantyre muno achinyamata ojambula pa kompyuta ndi pa pepala alipo ambiri, ndipo mukhoza kuwapeza pa Facebook ndi Instagram. Kungoti musangomuuza kuti "ndijambulireni gnome", chifukwa akafufuza pa Google adzakubweretserani kankhalamba ka chipewa chofiira kaja. Mulembereni: mayi wamkulu wa zaka za pakati, wotalika mita imodzi, thupi la mitu 5, wowonda, khungu labulauni woderapo, mphuno yotambalala, makutu osongoka, tsitsi lomanga ndi waya, manja a mmisiri, epuloni yachikopa. Mugwirizane mtengo, mupereke theka, ndipo mupemphe kuona chithunzi cha pensulo asanathire mitundu, chifukwa kukweza maso ndi kutalikitsa chibwano n'kosavuta pa pensulo, koma penti ikalowa adzakulipiritsani kachiwiri.